Mipikisano ya mwayi wotsiriza pa masewera othamanga

Mipikisano ya mwayi wotsiriza ndi mipikisano yothamanga yomwe imachitika kumapeto kwa nyengo ya masewera, patangotsala masiku ochepa kuti mndandanda wa anthu opita ku mpikisano waukulu utsekedwe. Pa Chingerezi imatchedwa last chance meets. Nthawi zambiri sipakhala chikho cholimbirana. Wothamanga amapikisana ndi wotchi, pofuna kutsitsa nthawi yake ndi masekondi angapo, kapena kachigawo chabe ka sekondi, kuti dzina lake likwere pa mndandanda.

Mipikisano ya mtunduwu ndi yodziwika kwambiri m'mayunivesite ndi m'makoleji a ku United States, makamaka pa masewera othamanga a m'nyumba omwe amachitika kuyambira Disembala mpaka Malichi. Imakhudza kwambiri othamanga mtunda wapakati ndi wautali, kuyambira mamita 800 mpaka mamita 5000, chifukwa pa mitunda imeneyi nthawi ya munthu imadalira bwalo, anzake omwe akuthamanga nawo komanso liwiro lomwe gulu layambira. Dongosolo lofanana nalo limagwiranso ntchito posankha othamanga opita ku Olimpiki ndi ku mpikisano wa dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake limakhudza maiko ngati Malawi, ngakhale kuti m'dziko muno mulibe bwalo lothamangira la m'nyumba.

Chiyambi cha nyengo ya m'nyumba

Kumpoto kwa America ndi ku Ulaya miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale imakhala yozizira kwambiri, ndipo m'madera ambiri mabwalo apanja amakwiririka ndi chipale chofewa. Pofuna kuti othamanga asakhale miyezi yonseyi osapikisana, masewerawa anasamutsidwira m'nyumba zikuluzikulu zofoleredwa. Bwalo la m'nyumba limakhala lalifupi: kulizungulira kamodzi ndi mamita 200, theka la bwalo lapanja lomwe ndi mamita 400.

Bungwe lomwe limayang'anira masewera m'mayunivesite ambiri a ku United States ndi National Collegiate Athletic Association, mwachidule NCAA. Linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo dzina limeneli linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1910. Mpikisano woyamba wa NCAA wa m'nyumba wa amuna unachitika mu 1965 mumzinda wa Detroit, pomwe wa akazi unayamba mu 1983. Masiku ano amuna ndi akazi amapikisana pa malo amodzi, kwa masiku awiri, chapakati pa mwezi wa Malichi. Mu 2024 mpikisanowu unachitikira ku Boston, ndipo mu 2025 unachitikira ku Virginia Beach. Wa mu 2020, womwe unayenera kuchitikira ku Albuquerque, unalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19 othamanga atafika kale mumzindawo.

Sukulu za NCAA zinagawidwa m'magulu atatu: Division I, Division II ndi Division III. Sukulu za m'magulu awiri oyambawo zimatha kulipirira wophunzira fizi, chakudya ndi malo ogona chifukwa cha luso lake pa masewera. Za mu Division III sizipereka thandizo lotere. Gulu lililonse lili ndi mpikisano wake waukulu komanso malamulo ake osankhira othamanga.

Kwa wothamanga mtunda wautali, chaka cha sukulu chili ndi nyengo zitatu zotsatizana. Yoyamba ndi yothamanga m'tchire ndi m'madambo, yomwe imatha mu Novembala ndi mpikisano wa makilomita 10 kwa amuna ndi makilomita 6 kwa akazi mu Division I. Yachiwiri ndi ya m'nyumba. Yachitatu ndi ya pabwalo lapanja, yomwe imatha mu Juni.

Momwe othamanga amasankhidwira

Mu Division I, mpikisano wa m'nyumba umalandira anthu 16 okha pa mtunda uliwonse, ndi matimu 12 pa mpikisano uliwonse wopatsirana kamtengo. Palibe ndime yachipulula yomwe wothamanga angadutsiremo. Chomwe chimawerengedwa ndi nthawi yabwino koposa yomwe munthu wathamanga m'nyengo imeneyo, kuyambira kumayambiriro kwa Disembala mpaka tsiku lotseka, lomwe limakhala chakumapeto kwa Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi. Zotsatira za mipikisano yonse yovomerezeka zimalembedwa pa tsamba la pa intaneti lotchedwa TFRRS, ndipo aliyense amatha kuona momwe mndandanda ukusinthira sabata iliyonse.

Izi n'zosiyana ndi nyengo ya pabwalo lapanja. Kumeneko anthu 48 a chigawo chakum'mawa ndi ena 48 a chigawo chakumadzulo amayamba apikisana maso ndi maso, ndipo 12 ochokera m'chigawo chilichonse ndiwo amapitirira. Wothamanga yemwe nthawi yake si yapamwamba koma amadziwa kumaliza mwamphamvu ali ndi mwayi panja. M'nyumba mwayi woterowo palibe. Munthu atha kupambana mipikisano yonse yomwe walowa, ngakhale kutenga chikho cha ligi ya sukulu yake, koma ngati nthawi yake ili pa nambala 17 ndipo onse a pamwamba pake alembetsa, amatsala kunyumba.

Kale panali nthawi ziwiri zoikika pa mtunda uliwonse. Wothamanga akakwanitsa yoyamba, yomwe inali yovuta, malo ake amakhala otsimikizika. Akakwanitsa yachiwiri yokha, amadikira kuti aone ngati malo atsala. Kuyambira 2013 nthawi zoikikazo zinachotsedwa ndipo panatsala mndandanda wokha. Zotsatira zake n'zakuti palibe yemwe amadziwa motsimikiza kuti walowa mpaka tsiku lotseka. Nthawi yomwe inali pa nambala 8 kumayambiriro kwa Febuluwale itha kupezeka pa nambala 20 pakutha pa mwezi womwewo.

Tsiku lotseka likadutsa, aphunzitsi a masewera amalembetsa othamanga awo pa mitunda yomwe adzathamangedi. Apa m'pamene ena a pansi pa mzere amapulumukira. Wothamanga waluso atha kukhala m'gulu la 16 pa mailo, pa mamita 3000 ndi pa mamita 5000 nthawi imodzi, koma sangathamange yonse m'masiku awiri popanda kufooka. Akasiya mtunda umodzi, malo ake amapita kwa wotsatira pa mndandanda. N'chifukwa chake munthu wa pa nambala 18 kapena 19 amakhalabe ndi chiyembekezo mpaka mayina atalengezedwa.

Kale, sabata yotsatira mipikisano ya maligi inkasiyidwa padera kuti pachitike mipikisano ya mwayi wotsiriza. Kuyambira 2014 Division I inaleka dongosololi, ndipo mndandanda umatsekedwa sabata yomweyo ya mipikisano ya maligi. Mipikisano yofunafuna nthawi inasunthira m'masabata awiri kapena atatu omaliza a Febuluwale. Mu Division III mipikisano ya mwayi wotsiriza imachitikabe pambuyo pa ya maligi, sabata imodzi mpikisano waukulu usanafike.

Mitunda yomwe imathamangidwa

Pa bwalo la mamita 200, mitunda yapakati ndi yaitali imakhala motere:

Mamita 800: kuzungulira ka 4.
Mailo imodzi, yomwe ndi mamita 1609: kuzungulira ka 8 ndi mamita 9 owonjezera.
Mamita 3000: kuzungulira ka 15.
Mamita 5000: kuzungulira ka 25.
Mpikisano wopatsirana kamtengo wa mitunda yosiyana, wotchedwa DMR: anthu anayi amathamanga mamita 1200, 400, 800 ndi 1600 motsatizana, onse pamodzi mamita 4000.

Popeza kuzungulira kumachuluka, kusiyana kwakung'ono kumakula msanga. Munthu wofuna kumaliza mamita 5000 pa mphindi 13 ndi masekondi 20 ayenera kuzungulira bwalo pa masekondi 32 nthawi iliyonse. Akamachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi pa kuzungulira kulikonse, pomaliza amakhala atataya masekondi 5, ndipo pa mndandanda wothithikana masekondi amenewa amatha kumutsitsa ndi malo ambiri.

Pa mpikisano waukulu anthu 8 oyamba amapezera sukulu yawo mapointi: woyamba 10, wachiwiri 8, wachitatu 6, kenako 5, 4, 3, 2 ndi 1. Amalandiranso ulemu wotchedwa All-American. Sukulu yomwe yalowetsa othamanga ambiri ndiyo ili ndi mpata wotenga chikho cha matimu, choncho malo aliwonse pa mndandanda ndi a phindu kwa sukulu yonse. Yunivesite ya Arkansas, pansi pa mphunzitsi John McDonnell, inatenga chikho cha amuna cha m'nyumba zaka 12 zotsatizana, kuyambira 1984 mpaka 1995, ndipo mphamvu yake yaikulu inali pa mitunda yaitali ndi pa masewera olumpha.

Mabwalo ndi kusintha nthawi

Mabwalo a m'nyumba si ofanana. Ena ndi athyathyathya ponseponse, ndipo pokhota wothamanga amakakamizika kuchepetsa liwiro kuti asataye njira. Ena anapendekeka pa makona, mbali yakunja inakwera, kotero thupi limakhota mosavuta. Palinso mabwalo aakulu kuposa mamita 200, monga la Dempsey pa yunivesite ya Washington ku Seattle, lomwe ndi mamita 307, ndi la yunivesite ya Notre Dame ku Indiana, lomwe ndi mamita pafupifupi 320. Pa mabwalo amenewa makona ndi otakasuka ndipo wothamanga amakhota kochepa.

Pofuna chilungamo, NCAA imasintha nthawi zina isanaziike pa mndandanda. Nthawi yothamangidwa pa bwalo lathyathyathya la mamita 200 imachotseredwa pang'ono kuti ifanane ndi ya pa bwalo lopendekeka. Mabwalo opendekeka ndi mabwalo aakulu amawerengedwa mofanana. Nthawi za mitunda yapakati ndi yaitali zothamangidwa pamalo okwera nazo zimachotseredwa, chifukwa kumapiri mpweya ndi wopepuka ndipo thupi limalandira okosijeni wochepa pa kupuma kulikonse. Albuquerque ili pa mamita oposa 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo Flagstaff, kwawo kwa yunivesite ya Northern Arizona, ili pa mamita pafupifupi 2,100. Mtunda ukatalika, masekondi ochotsedwa amachulukanso.

Kusinthaku kumagwira ntchito pa mndandanda wa NCAA wokha. Bungwe la World Athletics, lomwe limayang'anira masewerawa pa dziko lonse, limawerengera nthawi yeniyeni ya pa wotchi, ndipo silivomereza rekodi ya m'nyumba yothamangidwa pa bwalo lalikulu kuposa muyezo.

Mabwalo angapo anatchuka moti othamanga amakwera ndege kudutsa dziko lonse kuti akathamangepo. Lotchuka koposa ndi la yunivesite ya Boston, la mamita 200 lopendekeka, lomwe othamanga ambiri amati pansi pake pamabweza phazi ngati sipulingi. Pamenepa pamachitika mipikisano ingapo chaka chilichonse: wotsegulira nyengo mu Disembala, John Thomas Terrier Classic, David Hemery Valentine Invitational chapakati pa Febuluwale, ndi wa mwayi wotsiriza kumapeto kwa mweziwo. Ku Notre Dame kumachitika Alex Wilson Invitational, yomwe dzina lake ndi la katswiri wa ku Canada yemwe anapata mendulo ku Olimpiki ya 1928 ndi 1932 asanakhale mphunzitsi pa sukuluyo. Mpikisanowu umadziwika ndi DMR, ndipo kwa zaka zambiri matimu ochuluka mwa 12 opita ku mpikisano waukulu akhala akupezera nthawi zawo kumeneko. Enanso ndi bwalo la Randal Tyson ku Fayetteville, Armory ku New York ndi JDL Fast Track ku Winston-Salem.

Momwe mpikisano umayendera

Mpikisano wolimbirana chikho ndi wofunafuna nthawi amathamangidwa mosiyana. Pa wolimbirana chikho palibe amene amafuna kutsogola msanga, chifukwa wotsogola amatopa kuposa womutsatira. Gulu limayamba pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana mnzake, ndipo liwiro lenileni limabwera pa kuzungulira kuwiri kapena kutatu komaliza. Nthawi zake zimakhala zochedwa. Ichi n'chifukwa chake mipikisano ya maligi, ngakhale ili yofunika kwa sukulu, kawirikawiri sithandiza othamanga mtunda wautali kukwera pa mndandanda.

Pa mpikisano wa mwayi wotsiriza zonse zimakonzedwa kuti wotchi ikhale yotsika. Okonza amaika othamanga m'magulu malinga ndi nthawi zawo zakale, aliwiro lofanana pamodzi. Aphunzitsi a sukulu zosiyanasiyana amagwirizana liwiro loti gulu liyambire. Kenako amapeza munthu wotsogolera, yemwe pa Chingerezi amamutcha kalulu. Ntchito yake ndi kukoka gulu pa liwiro lomwe agwirizana mpaka theka la mtunda kapena kupitirirapo, kenako amapatuka. Otsalawo amandandalika kumbuyo kwake mumzere umodzi, m'njira ya mkati, chifukwa wothamanga m'njira yachiwiri amawonjezera mamita angapo pa kuzungulira kulikonse. Aphunzitsi amaima m'mbali mwa bwalo ndi mawotchi, n'kumafuula nthawi ya kuzungulira kulikonse.

Vuto lalikulu ndi kuthithikana. Anthu 15 kapena 20 pa bwalo lopapatiza amapondana, amagundana zigongono, ndipo mmodzi akagwa amagwetsa anzake. Vuto lina ndi kalulu yemwe: akayamba mothamanga kwambiri, gulu limafooka pakati pa mtunda, akachedwa, masekondi otayika sabwereranso. Mpweya wa m'nyumba nawo ndi wouma ndipo umakanda pakhosi, moti ambiri amatsokomola akamaliza.

Pa DMR chiopsezo chimagawidwa kwa anthu anayi. Wothamanga woyamba akatsekerezedwa pa mamita 1200, kapena kamtengo kakagwa popatsirana, ntchito ya nyengo yonse imathera pomwepo. Timu zambiri zimayesa DMR mwamphamvu kamodzi kapena kawiri kokha pa chaka, popeza n'kovuta kupeza tsiku lomwe anthu anayi onse ali bwino komanso pali timu zina zoti apikisane nazo.

Nthawi zodziwika

Mipikisano yofunafuna nthawi yatulutsa marekodi ambiri. Mu Febuluwale 2017, pa mpikisano wa mwayi wotsiriza wa ku Boston, Edward Cheserek wa ku Kenya, yemwe ankaphunzira pa yunivesite ya Oregon, anathamanga mailo pa 3:52.01, rekodi ya ophunzira pa nthawiyo. Pa 3 Malichi 2019 Yomif Kejelcha wa ku Ethiopia anathamanga mailo pa 3:47.01 pa bwalo lomweli, ndipo inakhala rekodi ya dziko lonse ya m'nyumba mpaka 2025. Mu Disembala 2023 Parker Valby wa yunivesite ya Florida anamaliza mamita 5000 pa 14:56.11, kukhala mkazi woyamba kutsika pansi pa mphindi 15 mu NCAA. Mu Januwale 2024 Nico Young wa Northern Arizona anathamanga 12:57.14, woyamba mwa amuna ophunzira kutsika pansi pa mphindi 13. Pa 14 Febuluwale 2025 Grant Fisher wa ku United States anaika rekodi ya dziko lonse ya m'nyumba ya mamita 5000 pa 12:44.09, ku Boston komweko.

Kutsika kwa nthawi kwasintha tanthauzo la mzere wa nambala 16. Pamene Roger Bannister anathamanga mailo pa 3:59.4 ku Oxford pa 6 Meyi 1954, anali munthu woyamba kutsika pansi pa mphindi 4. M'zaka zaposachedwapa ophunzira ambirimbiri amatsika pansi pa mphindi 4 m'nyengo imodzi, ndipo nthawi yotere siikwaniranso kulowetsa munthu ku mpikisano wa Division I. Zifukwa zomwe zimatchulidwa ndi nsapato zatsopano zokhala ndi thovu lopepuka ndi kachipepala kolimba mkati, mabwalo abwino, kusintha kwa kaphunzitsidwe, komanso kusonkhana kwa othamanga aluso pa mipikisano yochepa yomweyomweyo.

Madandaulo

Dongosololi lili ndi otsutsa. Ena amati limakondera sukulu zolemera, zomwe zimatha kulipira ndege ndi mahotela kuti othamanga awo apite ku Boston kapena ku Seattle kangapo pa nyengo imodzi. Wothamanga wa sukulu yosauka, yemwe ali ndi bwalo lathyathyathya komanso alibe anzake a liwiro lake, amakhala pambuyo ngakhale nthawi yake itachotseredwa. Ena amati masamu osinthira nthawi za kumapiri sangakhale olondola kwa aliyense, popeza munthu wobadwira ndi kukulira pamalo okwera savutika ngati mlendo.

Palinso nkhawa ya thanzi. Kuthamanga ndi mphamvu zonse masabata atatu otsatizana, pa makona othina, kumabweretsa kuvulala kwa akakolo, msempha wa kuchidendene ndi ming'alu ya mafupa a mwendo. Wothamanga yemwe walowa movutikira pa sabata yomaliza nthawi zina amafika ku mpikisano waukulu atatopa kale. Pothawa zimenezi, ambiri a mamita 5000 amafunafuna nthawi kumayambiriro kwa Disembala, akadali ndi mphamvu za nyengo yothamanga m'tchire, kenako n'kupuma. Njirayi ili ndi chiopsezo chake: nthawi ya mu Disembala itha kupitiridwa ndi anthu ambiri mu Febuluwale, ndipo mwini wake amakakamizika kubwerera m'bwalo.

Oikira kumbuyo dongosololi amati mndandanda ndi woonekera poyera, suyendera kukondera kwa komiti yosankha, ndipo umaonetsetsa kuti anthu othamanga kwambiri m'chakacho ndiwo akukumana.

Othamanga a ku Africa

Mayunivesite a ku United States akhala akulemba othamanga a ku Africa kwa zaka zambiri, makamaka a ku Kenya. Kuchokera kumwera kwa Africa, Godfrey Siamusiye wa ku Zambia anathamangira Arkansas ndipo anapambana mpikisano wa NCAA wothamanga m'tchire mu 1995 ndi 1996. Samuel Matete, wa ku Zambia komweko, anaphunzira ku Auburn ndipo anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 400 odumpha zotchinga mu 1991. Dominique Scott wa ku South Africa, yemwenso anali ku Arkansas, anapambana mamita 3000 a m'nyumba mu 2015. Adriaan Wildschutt wa ku South Africa, yemwe anaphunzira ku Florida State, ndiye anapambana mpikisano wa ku Boston wa mu Januwale 2024 momwe Nico Young anaikira rekodi yake, pa nthawi ya 12:56.76.

Kuti wophunzira wakunja aloledwe, ofesi ya NCAA imayamba yaunika masatifiketi ake a sekondale ndi mbiri yake ya masewera. Aphunzitsi nawo amafuna kuona nthawi zomwe angazikhulupirire, zothamangidwa pa bwalo loyezedwa ndi zolembedwa ndi makina.

Ku Malawi

Masewera othamanga ku Malawi amayang'aniridwa ndi bungwe lomwe kwa zaka zambiri ladziwika kuti Athletics Association of Malawi, mothandizana ndi Malawi National Council of Sports ndi Malawi Olympic Committee. M'sukulu za pulayimale ndi sekondale muli Malawi Schools Sports Association, pomwe m'makoleji ndi m'mayunivesite muli TESSAM. Mipikisano yonse imachitikira panja. Bwalo la Bingu ku Lilongwe, lomwe linatsegulidwa mu Januwale 2017, lili ndi njira yamakono ya mamita 400, ndipo linagwiritsidwa ntchito pa masewera a achinyamata a Region 5 mu Disembala 2022.

Dziko lino linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo ambiri mwa othamanga ake akhala a mtunda wautali. Catherine Chikwakwa anathamanga mamita 5000 ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004, ndipo mu 2004 momwemo anapata mendulo ya siliva pa mtunda womwewu pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy. Lucia Chandamale anathamanga mamita 5000 ku Beijing mu 2008, Mike Tebulo anathamanga marathoni ku London mu 2012, ndipo ku Rio de Janeiro mu 2016 kunapita Kefasi Chitsala pa mamita 5000 ndi Tereza Master pa marathoni.

Mwayi wotsiriza wa wothamanga wa ku Malawi umakhudza mndandanda wa World Athletics. Pa Olimpiki ya Paris ya 2024, nthawi yolowera pa mamita 5000 inali 13:05.00 kwa amuna ndi 14:52.00 kwa akazi, ndipo mndandanda wa mipikisano ya pabwalo unatsekedwa pa 30 Juni 2024. Pa marathoni inali 2:08:10 kwa amuna ndi 2:26:50 kwa akazi. Malo otsala amadzazidwa potsatira mapointi omwe munthu wasonkhanitsa pa mipikisano yovomerezeka. Dziko lomwe lilibe aliyense wokwanitsa limapatsidwa malo apadera, ndipo ku Paris malowa anali pa mamita 100, mamita 800 kapena marathoni basi. Asimenye Simwaka anaimira Malawi pa mamita 100 ku Tokyo ndi ku Paris.

Kuyambira 2023, zotsatira zimawerengedwa pokhapokha mpikisano utalembetsedwa pasadakhale pa kalendala ya World Athletics. Pa mitunda ya mamita 800 kutsika, nthawi za wotchi ya m'manja sizilandiridwa. Mpikisano wa pamsewu uyenera kukhala pa njira yoyezedwa ndi munthu wovomerezeka. Mipikisano yokondedwa ngati Porters' Race ya pa phiri la Mulanje, ya makilomita oposa 20 yokwera ndi kutsika kuchokera ku Likhubula, imaonetsa mphamvu za othamanga, koma nthawi zake sizingayerekezedwe ndi za pabwalo. Zotsatira zake n'zakuti wothamanga wofuna nthawi yovomerezeka kawirikawiri amayenera kupita kunja, ndipo ulendo umodzi wolephereka chifukwa chosowa ndalama utha kukhala womwe unali mwayi wake wotsiriza.

Kutalika kwa njirayi kumaonekera bwino m'madera akutali ndi mizinda, monga Dwambazi, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, pomwe mtsinje wa Dwambazi umalekanitsa boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay. Kuchokera kumeneko kukafika pa bwalo la Bingu ndi ulendo wa makilomita oposa 250, kudzera mumsewu wa M5 mpaka ku Salima kenako M14. Monga m'madera ambiri akumidzi, ana asukulu amathamangira pa bwalo la mpira lojambulidwa mizere, lomwe kutalika kwake sikutsimikizika, ndipo nthawi imawerengedwa ndi wotchi ya m'manja kapena foni. Mwana amapitirira ku ndime yotsatira chifukwa cha malo omwe wamalizira, woyamba kapena wachiwiri, ndipo atha kufika patali asanadziwe nthawi yake yeniyeni pa mamita 1500 kapena 5000.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, kotero mpweya wa kunyanja ndi wokwanira bwino kuposa wa ku Lilongwe, komwe ndi mamita oposa 1,000, kapena ku Mzuzu ndi Dedza komwe n'kokwera kwambiri. Koma kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimachedwetsa munthu pa mtunda wautali, popeza thupi limataya madzi ndi mphamvu pofuna kudziziziritsa. Miyezi ya Juni ndi Julayi, m'mamawa kapena madzulo, ndiyo yoyenera kufunafuna nthawi kunyanja. Malo okwera ngati Viphya ndi Nyika ndi ofanana ndi omwe othamanga a ku Kenya ndi Ethiopia amakonzekerera, monga Iten, tauni ya ku Kenya yomwe ili pa mamita pafupifupi 2,400.

Onaninso

Masewera a Olimpiki
Marathoni
Catherine Chikwakwa
Bwalo la Bingu
Boma la Nkhotakota
Phiri la Mulanje